Mass ya satelayiti ikungosowa mu equation

mwana_wa_fizikisi: Abale tandithandizeni, ndikufuna kupeza mass ya satelayiti, ndili ndi r (mtunda wochokera pakati padziko kukafika pa satelayitiyo) komanso nthawi yomwe satelayiti imazungulira dziko kamodzi (T) koma ndikalemba GMm/r² = mv²/r ka m, komwe ndi mass ya satelayitiyo, kakungosowa, ndaphonya pati?

kadzidzi22: simunaphonye achimwene, kamayenera kusowa kumene. Pamenepo mupeza mass ya dziko, M = 4π²r³/GT², osati ya satelayitiyo. ISS (siteshoni yaikulu ya mumlengalenga) ndi kabawuti zikakhala mu orbit imodzi zonse zimatenga mphindi pafupifupi 90

mwana_wa_fizikisi: nanga ya mwezi anaidziwa bwanji?

nyenyezi_x: mwezi ndiwolemera aise umakokanso dziko, moti ziwirizi zimazungulira malo ena omwe ali makilomita ngati 4,670 kuchokera pakati padziko, kuchoka pamenepo kukafika ku mwezi ngati 379,700, mukagawa mupeza kuti mass ya mwezi ndi pafupifupi 1/81 ya mass ya dziko. Kasatelayiti sikangagwedeze dziko chonchi, amangokayeza pasikelo asanakaulutse.