Makuponi anga akanidwa pakauntala, ndalakwa pati?

Amake Tadala, Indiana:
Abale anga a kuno ku America, ndithandizeni nzeru. Loweruka ndinapita kusitolo ina yaikulu kukagula matewera a mwana ndi sopo wochapira, nditatenga makuponi asanu. Awiri ndinasindikiza ndekha kuchokera pa webusaiti ya Coupons.com, ochotsera $2 pa paketi ya matewera. Kompyuta itakana kutulutsa yachitatu, ndinakachita fotokope kulaibulale. Ena awiriwo anachokera pa gulu lathu la WhatsApp, la ife osamalira agogo m'manyumba: chithunzi chonena kuti botolo lalikulu la sopo ndi laulere.

Mtsikana wapakauntala anadutsitsa awiri oyambawo. Atagwira yachitatu anaima, kuiyerekeza ndi inzake, n'kuitana abwana ake. Abwanawo anatenga mapepala atatu otsalawo, kuwayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti salandira ndipo sandibwezera. Kumbuyo kwanga mzere utali, Tadala akulira m'ngolo, ine manja ali njenjenje. Sopo ndinamusiya pomwepo. Chibadwire sindinabepo kanthu ka munthu, koma mmene anandiyang'anira muja tulo sindinatione. Kodi fotokope ya kuponi ndi mlandu?

WapakauntalaDallas:
Pepani mayi, manyazi amenewo ndikuwamva. Ndinagwirapo pakauntala zaka zitatu, ndiye ndikuuzeni zam'kati. Kuponi ya kampani yopanga katundu ili ngati cheke. Sitolo ikakuchotserani $2, imatumiza pepalalo ku makampani owerengera makuponi monga Inmar, kenako wopanga matewera uja amabweza $2 ija ndi kandalama kapamwamba, kawirikawiri masenti 8. Pepala likapezeka labodza, sitolo sibwezeredwa, ndipo wofunsidwa ndi mtsikana amene analilandira uja.

Kuponi iliyonse yosindikiza ili ndi nambala yakeyake, ndipo mumaloledwa kusindikiza kawiri basi. Fotokope yanu inali ndi nambala yofanana ndi inzake, ndicho chimene anaona. Werengani timalemba tating'ono tam'munsi tija, timanena kuti kuponi imatha mphamvu ikakopedwa, ikagulitsidwa kapena ikasinthidwa. Za sopo waulerezo ndiye ayi ndithu. Masitolo ambiri salandira kuponi yosindikiza kunyumba yopereka chinthu chaulere popanda kugula china, ngakhale makina ataiwerenga.

Malume a ku Maryland:
Mwana wanga, fotokope ija inali kusadziwa, yapita. Chondidetsa nkhawa ine ndi chithunzi cha pa WhatsApp chija. Mukukumbukira makuponi a fetereza kumudzi, aja anayamba mu 2005? Akamberembere ankasindikiza abodza, koma wogwidwa nawo pamzere anali mlimi amene wagula osadziwa. Kunonso ndi chimodzimodzi.

Mu 2021 khoti linalamula Lori Ann Talens wa ku Virginia Beach kukhala kundende zaka 12. Ankapanga makuponi abodza pakompyuta m'nyumba mwake, n'kumagulitsa kudzera m'magulu a pa intaneti, ndipo masitolo ndi makampani anataya ndalama zokwana $31.8 miliyoni. Mwamuna wake anapatsidwa miyezi 87. Sindikuti inu mungafike pamenepo, ayi. Koma ife obwera tili ndi mapepala oti tiziwasamala, ndipo mlandu wachinyengo, ngakhale waung'ono, umadzatulukira tsiku lomwe mukukonzetsa viza kapena kupempha unzika. Botolo la sopo lisakuikeni pamenepo.

NaPhiri_Ohio:
Ine mapepala ndinasiya kalekale, achemwali. Ikani app ya sitoloyo pafoni, musankhe makuponi momwemo, pakauntala mungolemba nambala ya foni ndalama n'kuchoka zokha. Palibe woyang'anitsitsa pepala lanu. Mukafunabe osindikiza, sitolo iliyonse yaikulu ili ndi malamulo ake a makuponi pa intaneti, awerengeni musanapite chifukwa amasiyana. 

Amake Tadala, Indiana:
Zikomo nonse, mtima wakhala pansi. Malume, mawu anu ndawamva. Ndaimbira mnzanga amene anatumiza chithunzi chija, akuti anachigula kwa munthu wina pa Facebook ndipo iyenso samadziwa. Wachifufuta pagulu, ine ndalembapo zonse mwandiuzazi, chifukwa azimayi awiri anali atasindikiza kale kuti akagwiritse ntchito mawa. App ija ndaika, ndapezamo ya matewera. Kusitolo kuja ndibwererako Lachisanu ndikaweruka, ndipo ndikamupeza mtsikana uja ndikufuna ndimupepese.