Thandizeni nzeru: digiri ya zamalonda ku MUBAS, MCA, Bunda kapena yunivesite yoima payokha?

Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera kudzapempha nzeru. Mwana wa mchemwali wanga, mtsikana, wakhoza MSCE ndi mapointi 14. Masamu ndi Chingelezi anakhoza bwino, ndipo mtima wake uli pa maphunziro a zamalonda. Bambo ake anatisiya, ndiye fizi ndi zina zonse zikuyang'ana ine malume ake. Ndimagulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Area 25, ndipo anga awiri ali ku sekondale. Ndalama yoti mwanayu aphunzire ndiyesetsa ipezeke, koma si yoti tiyambe kuno, zikavuta tikayambirenso kwina. Tikasankha, tasankha.

Mwini wakeyo akufuna yunivesite ya MUBAS ya ku Blantyre, yomwe ife tinazolowera kuitchula kuti Poly isanachoke pansi pa UNIMA mu 2021. Sindikumutsutsa, chifukwa anthu ambiri owerengera ndalama omwe ndimakumana nawo m'mabanki ndi m'makampani muno mu Lilongwe anadzera pa Chichiri pomwepo. Chikundisowetsa tulo ndi Blantyre. Kumeneko tilibe wachibale, ndipo akapanda kupeza malo ku hostel ndiye kuti ndi lendi kwa zaka zinayi, kuphatikiza chakudya, makala, ndi basi yopita ndi kubwera tchuthi chilichonse. Komanso ndi mwana wamkazi amene sanagonepo kutali ndi kwawo.

Ine maso anga ali pa Malawi College of Accountancy (MCA), poti ili ndi nthambi konkuno. Angamagone pakhomo, kudya nsima ya pakhomo, m'mawa n'kukwera minibasi. Mayi ake akuti apite ku Bunda akachite Agribusiness Management ya yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, chifukwa kwathu ndi ku Mitundu ndipo agogo ake ali pafupi, koma mwanayo akangomva mawu oti ulimi nkhope imagwa. Mnzanga wa kutchalitchi akuti ndisavutike, mayunivesite oima paokha ndi ambiri mu Lilongwe muno ndipo ena amalola kulipira pang'onopang'ono. Apa ndiye pali mantha anga aakulu. Mwana wa oyandikana nafe anamaliza digiri pa koleji ina, makolo atagulitsa puloti kuti alipire fizi, koma pofunsira ntchito m'boma anamuuza kuti pologalamu yakeyo sinali yovomerezeka.

Ndiye inu amene munadzeramo kapena mumalemba anthu ntchito, kodi dzina la sukulu limalemera bwanji polemba munthu ntchito? Lendi ya ku Blantyre ndi yoyenera kuivutikira, kapena mwana angafike komweko atadzera kuno?

Mayi wina wogwira ntchito ya auditing (kufufuza mabuku a ndalama):

A malume, musanafunse za sukulu, khalani pansi ndi mwanayo akuuzeni chomwe akutanthauza akamati zamalonda. Business Administration, Accountancy ndi Economics ndi njira zitatu zosiyana. Business Administration imamuonetsa munthu pang'ono pa chilichonse: kutsatsa malonda, kuyang'anira antchito, kayendetsedwe ka kampani. Ndi yabwino, koma sukulu zambiri zimaiphunzitsa, ndiye omaliza ndi ochuluka ndipo amalimbirana ntchito zomwezo. Economics ndi ya ofuna kafukufuku ndi ndondomeko za chuma, ntchito za ku Reserve Bank kapena ku Capital Hill, ndipo malo ake odziwika ndi UNIMA ku Zomba. Poti masamu amawatha, ine ndikanamukankhira ku Accountancy.

Koma dziwani izi: pa ntchito yathuyi digiri si mathero. Amene akufuna kukhala chartered accountant, katswiri wovomerezeka wowerengera ndalama, amalembabe mayeso a mabungwe a akatswiri a ntchitoyi monga ICAM, ACCA kapena CIMA. ACCA ili ndi mapepala a mayeso 13, ndipo digiri yabwino ya akaunti ikhoza kumuchotserako mpaka 9 oti asalembe. Ndiye funso lofunika kufunsa ku MUBAS ndi ku MCA ndi lakuti digiri yawo imachotsera mwana mapepala angati. Akuyankheni molemba. Kumbukiraninso kuti ACCA imalipiridwa m'mapaundi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ana ambiri omwe ndimagwira nawo ntchito anayamba ayimitsa kaye mayeso. ICAM ndi ya konkuno ndipo imalipiridwa m'makwacha. Pa funso lanu lenilenilo, kwa ife olemba ntchito ku auditing, mwana wa MCA amene wayamba kale kukhoza mapepala amenewa sitimuika kumbuyo kwa wa MUBAS.

Bambo wina:

MUBAS basi achimwene. Lendi mudzaiwala, dzina la sukulu adzayenda nalo moyo wake wonse.

Mayi wogwira ntchito yolemba anthu ntchito:

Za oyandikana nanu aja zimachitikadi, ndipo zimapweteka. Bungwe loona izi ndi NCHE, loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Kulembetsedwa kwa sukulu ndi kuvomerezedwa kwa pologalamu ndi zinthu ziwiri. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa bwinobwino, koma digiri imodzi mwa zomwe ikuphunzitsa isanavomerezedwe. Musakhutire ndi chikwangwani cha pa geti kapena mawu a wolandira alendo. Onani mndandanda wa NCHE womwe uli watsopano, mupezepo dzina la pologalamuyo ndi kampasi yomwe mwana akaphunzire. Mayunivesite oima paokha si onse okayikitsa ayi. Ndalembapo ntchito ana a ku Catholic University ya ku Nguludi ndi a ku Malawi Adventist University ya ku Ntcheu, ndipo ntchito amaigwira. Dzina la sukulu limathandiza kuti kalata yake tiiwerenge msanga, zimenezo sindingakubisireni. Koma akalowa m'chipinda cha mafunso timaona ngati amatha Excel, ngati anakagwirako ntchito yoyeserera, ndiponso ngati angalembe lipoti lomveka.

Mwini funso:

Zikomo kwambiri amayi nonse awiri. Za mapepala ochotseredwawo ndi zachilendo kwa ine, ndipo zasintha kawerengedwe kanga ka ndalama, chifukwa ndimaona ngati zaka zinayi zikatha ndapuma. Ndamufunsa mwanayo usiku uno. Akuti amafuna ntchito ya ku banki kapena kuwerengera ndalama za kampani, osati kutsegula bizinesi yakeyake. Ndiye zikuoneka kuti ndi Accountancy.

Mnyamata womaliza ku Bunda:

A malume, muuzeni mchemwali wathuyo kuti Agribusiness si khasu. Timaphunzira akaunti, misika, kayendetsedwe ka ngongole ndi chuma cha ulimi. Tayang'anani ku Kanengo: makampani a fodya, okusha soya ndi mpendadzuwa, ogulitsa mbewu ndi feteleza, onsewo amafuna munthu wodziwa ndalama komanso wodziwa mlimi. Mabanki nawo ali ndi nthambi zobwereketsa alimi. Komabe ngati mtima wake uli pa akaunti yeniyeni musamukakamize, chifukwa zaka zinayi ndi zambiri kwa munthu wophunzira zomwe sakuzifuna. Angoiika ngati chisankho chachiwiri kapena chachitatu.

Mtsikana wa chaka chachitatu ku Blantyre:

Pali chinthu chomwe simunachitchule. Ku mayunivesite a boma munthu salowa chifukwa wafuna, amachita kusankhidwa kudzera ku NCHE, ndipo Accountancy ndi Business Administration za ku MUBAS zimalimbiranidwa kwambiri. Mapointi 14 ndi abwino koma si chitsimikizo. Polemba fomu asadzaze ndi mapologalamu olimbiranidwa okhaokha, asakanize, ndipo awerenge bwino zofunika pa pologalamu iliyonse. Kwinaku mukhale mutatenga kale fomu ya ku MCA kuti chaka chisapite pachabe.

Za ndalama, pali ngongole ya ophunzira ya ku Loans Board, HESLGB, yothandiza pa fizi ndi zofunika zina. Poti bambo ake anamwalira, musungiretu chikalata cha imfa ndi makalata a kwa amfumu kapena a kutchalitchi otsimikiza mmene banja lilili. Ndi ngongole, adzabweza akayamba ntchito, ndipo siikwanira zonse, koma imapeputsa. Za malo ogona musaope kwambiri. Atsikana ambiri timachita lendi awiriawiri kapena atatu ku Chitawira ndi ku Nkolokosa, n'kumaphika limodzi. Chachikulu mupite naye nokha koyamba, mukaone nyumbayo ndi eni ake ndi maso anu.

Mwini funso:

Mwandithandiza mwanangu. Ndiye tichita chonchi: pa fomu ya NCHE ayika Accountancy ya ku MUBAS poyamba, Bunda pambuyo, ndipo sabata ino ndipita naye ku MCA tikafunse fizi ndi za mapepala a ICAM ndi ACCA. Chatsala n'chimodzi. Inu amene ana anu akuchita lendi ku Blantyre panopa, mumatumiza ndalama zingati pa mwezi, kuphatikiza nyumba ndi chakudya? Ndikufuna ndiyerekeze ndi fizi ya ku MCA ndi minibasi ya tsiku ndi tsiku yochokera ku Area 25, ndisanakakhale pansi ndi mayi ake Lamulungu.