Mbumba ya Agogo: za mndandanda wa makolo uja

Chemwali a ku Leeds: Mwaswera bwanji nonse. Akaunti ija ndatsegula pa FamilySearch, webusaiti yolembapo mndandanda wa makolo. Ndi yaulere, eni ake ndi a mpingo wa Latter-day Saints koma safunsa komwe umapemphera. Ndalowetsa anthu 43, ndaima pa amayi awo a Agogo. Dzina lawo anali ndani?

Malume: Nabanda.

Chemwali a ku Leeds: Chimenecho n'chiwongo amalume. Ndikalemba Banda akutuluka anthu ankhaninkhani, ena a ku Chipata.

Malume: Ife tinkangoti Nabanda. Munthu wamkulu ukanayamba bwanji kumutchula dzina? Ndipo mtengo wanu wa makolowo uyambire kuchikazi. Ife mtundu timawerengera kwa amayi.

Msungichuma: Pepani ndikuduleni. K10,000 ija apereka anthu 6 pa anthu 17. Airtel Money kapena Mpamba, nambala ndi zomwe zija.

Achimwene a ku Joni: Mwati n'zaulere, nanga ndalamazo n'zachiyani?

Msungichuma: Thiransipoti ya mwanayu kuchoka ku Zomba, bandulo, shuga ndi chitenje cha Agogo. Tinakambirana pa maliro paja. Mwina ena anali atanyamuka kale.

Achimwene a ku Joni: Ndinali ndi basi yoti ndikwere, mukudziwa.

Mdzukulu wa ku Zomba: Ine ndakonzeka. Pa intaneti pokha sitipezapo zambiri, kulembetsa ana obadwa kunakhala kokakamiza mu 2015 muno. Za kale zili m'mabuku a ubatizo kutchalitchi ndi m'mutu mwa Agogo. Ndikawajambula mawu pafoni, FamilySearch imalola kuika mawu ndi zithunzi pa dzina la munthu.

Chemwali a ku Leeds: Ukawafunsenso chaka chobadwa. Cha pa chiphaso chawo sindikuchikhulupirira.

Amayi aang'ono: Chimenecho anangowaganizira pa kalembera wa 2017. Iwo amati pa njala ya 1949 anali atatha msinkhu, ndi amene ankakumba zikhawo ndi amayi awo.

Mdzukulu wa ku Zomba: Ndiye tilemba "cha m'ma 1934". Imalola chaka chongoyerekeza.

Malume: Lembani zaka zanuzo koma muyambire kuchikazi.

Alamu: Kodi feteleza kumudziko wafika? Kuno thumba lakweranso.

Amayi aang'ono: Wafika kuti? Ndipo mbuzi ziwiri zija zinalowanso m'dimba.

Alamu: Za eni ake omwe aja?

Amayi aang'ono: Ndisayankhule.

Chemwali a ku Leeds: Abale tibwerere. Agogo aamuna akuoneka kawiri, mayina osiyana. Wina walowetsa ndani?

Achimwene a ku Joni: Ndine. Ku mgodi ankadziwika ndi dzina lina, ndi limene lili pa pasi yawo ya Wenela, bungwe lija linkalemba anthu opita ku migodi. Anabwerako ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu ataletsa anthu kupita ku migodi. Wenela pano ndi TEBA, ndikhoza kukafunsa ngati nambala yawo ikupezeka.

Chemwali a ku Leeds: Chabwino, ndiwaphatikiza akhale munthu mmodzi, linalo likhale dzina lachiwiri. Koma pansi pawo mwaikapo ana atatu amene ine sindikuwadziwa.

Achimwene a ku Joni: Ndi magazi athu. Ndimakumana nawo.

Amayi aang'ono: Agogo akadali moyo. Zimenezo akaziona mudzawayankha nokha.

Malume: Mwaona? N'chifukwa chake ndikuti kuchikazi. Mukayambira kuchimuna mutola ndi za m'njira zomwe. Ndipo za munda zisalowemo m'menemo.

Achimwene a ku Joni: Watchula munda ndani?

Mdzukulu wa ku Zomba: Amayi musade nkhawa, anthu amoyo amaonekera kwa yekhayo amene wawalowetsa. Omwalira ndiwo ali poyera, ndipo aliyense wa akaunti akhoza kusintha. Ine ndisunganso zathu pa laputopu mu Gramps, pulogalamu ya mndandanda wa makolo, imagwira popanda intaneti. Ikatulutsa fayilo ya GEDCOM, yosamutsira mndandandawo, mutha kuitsegula pa mawebusaiti ena a za makolo, Ancestry kapena MyHeritage.

Chemwali a ku Leeds: Amenewo zikalata zambiri amalipiritsa. Tisayambe dala, ya thiransipoti yomwe ikutivuta.

Amayi aang'ono: Ndiye anthu aja a Chemwali akuwaona bwanji ngati amoyo amabisika?

Chemwali a ku Leeds: Achimwene anawatumiza pa chithunzi kuno kwanga, ndinalakwitsa kunena.

Amayi aang'ono: Ehe. Kumbali.

Msungichuma: Alamu ndaona mwawerenga. A ku Mzuzu chiyambire Januwale sanayankhulepo, koma pa status akuoneka tsiku lililonse.

Alamu: Ine ndine mkamwini chabe, kodi mumtengomo ndilimo?

Malume: Mkamwini amalembedwa pambali. Koma ndalama apereke.

Alamu: Mwezi ukatha.

Msungichuma: Munateronso mwezi watha.

Mdzukulu wa ku Zomba: Tchuthi changa chikutha pa 28. Mvula ikayamba msewu wa kumudzi mukuudziwa, ndipo Agogo masiku ano akumasokoneza mayina a ana awo omwe. Ndipite kapena ayi?

Chemwali a ku Leeds: Pita. Yotsalayo ndiika ine, koma amene sanapereke adzandibwezere.

Msungichuma: Ndalemba. Mayina 11 ndiwaika pano Lachisanu.

Malume: Ukafika uyambe wandipeza ine usanapite kwa Agogo. Ndipo ukafunse za kuchikazi.