Ndithandizeni pa nkhani ya Joseph Wright wa ku Derby

Abale ndi alongo, makamaka inu okhala ku UK kapena amene munaphunzirako zojambula, ndili ndi funso.

Mwana wanga wapatsidwa ntchito kusukulu yoti alembe za Joseph Wright, katswiri wojambula nkhope za anthu ndi penti, amene anabadwira ku Derby mu 1734 n'kumwalirira komweko mu 1797. Tapeza kuti luso lake anakaliphunzira ku London kwa Thomas Hudson, ndipo anajambula anthu otchuka a m'dera lake monga Richard Arkwright, mwini mafakitale opota thonje ku Cromford, komanso dokotala Erasmus Darwin.

Chimene chikundizunguza mutu ndi ichi. Wright atabwerako ku Italy mu 1775 anakakhala ku Bath, komwe anthu olemera ankakhamukira ku akasupe a madzi otentha. Thomas Gainsborough, katswiri wina wotchuka wojambula nkhope za anthu, anali atangochokako mu 1774, ndiye mpata unalipo ndithu. Koma makasitomala anali ochepa kwambiri, mpaka mu 1777 anabwerera kwawo ku Derby. Chinavuta n'chiyani? Ine ndikuganiza kuti ankamujambula munthu momwe alili, pomwe a ku Bath ankafuna kuoneka okongola kuposa momwe Mulungu anawalengera. Kodi ndikulondola, kapena pali chifukwa china?

Komanso inu amene munapitako ku Derby Museum, zithunzi zakezi zimaonetsedwa masiku onse? Tikufuna tikafikeko Loweruka.