Ndithandizeni nzeru pa makina okoka fumbi odutsa m'zipupa

Moni abale ndi alongo a kuno ku Harare. Tikumanga nyumba ku Marlborough, ndipo tisanapake pulasitala ndikupempha nzeru zanu pa central vacuum, makina okoka fumbi m'nyumba yonse kudzera m'mapaipi.

Injini yake imakhala m'galaja, mapaipi a PVC a mamilimita pafupifupi 50 n'kudutsa m'zipupa kapena kudenga. M'nyumba mumangooneka timabowo totsekeka, polumikizira paipi yofewa ya mamita ngati 9. Chandikopa n'chakuti mpweya wafumbi ungathe kutulutsidwira panja, osabwereranso m'chipinda. Mwana wathu ali ndi mphumu, ndipo fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala mukulidziwa nokha. Phokoso nalonso limatsalira kugalaja konko.

Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi magetsi. Injini zimenezi zimadya mawati oposa 1,000, ndipo poyaka zimakoka mphamvu yochulukirapo. Ife tidzadalira sola ndi inverter (chipangizo chosintha mphamvu ya m'mabatire kukhala magetsi a m'nyumba) ya 5kVA magetsi akazima. Alipo amene akuyendetsa makinawa pa inverter yotere, firiji ndi pampu ya mjigo zili zoyaka? Sindikufuna kugula chinthu chodzangokhala.

Nanga yabwino ndi iti, ya matumba kapena ya chidebe chongokhuthula? Ine mtima uli pa ya matumba chifukwa fumbi silifuka potaya, koma kodi matumbawo amapezeka kuno, kapena mpaka kuitanitsa ku Johannesburg?

Ndikufunanso mmisiri amene anaikapo mapaipiwa m'nyumba ya njerwa, poti ku Canada ndi America kumene makinawa ndi ofala zipupa zambiri n'zamatabwa. Amene mukumudziwa, chonde ndiuzeni ndi mtengo womwe munalipira.