Makorali achepadi, kapena ndi njira yowerengera yomwe yasintha?

Wa ku Pemba: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuno takhala tikuwerenga makorali (tizamoyo ta m'nyanja yamchere timene timapanga matanthwe pansi pa madzi) ndi njira ya Reef Check: tepi ya mamita 100, zigawo zinayi za mamita 20, kulumpha mamita 5 pakati, n'kumalemba chomwe chili pansi pa tepi pa theka lililonse la mita. Zimakwana malo 160. Chaka chino abwana anati sileti tiisiye, tizijambula zithunzi n'kuziika pa CoralNet, pulogalamu ya pa intaneti yozindikira makorali m'zithunzi. Zotsatira zabwera, makorali amoyo atsika moopsa. Lipoti likufunika Lachisanu. Ndilembe kuti akufa?

Wa ku Sodwana: Musalembe kaye achimwene. Pomwe mumayala tepi munakhomapo zitsulo?

Wa ku Pemba: Ayi, timadalira GPS ya m'boti.

Wa ku Sodwana: Ndiye yambirani pamenepo. GPS imaphonya ndi mamita angapo, boti nalo limatengeka inu musanafike pansi. Acropora, makorali a nthambi ndi ooneka ngati matebulo, amamera m'magulumagulu. Kusuntha pang'ono, tepi yagwera pa mchenga, nambala yasintha.

Wa ku Zanzibar: Zoona, koma ngakhale malo akhale omwewo njira ziwirizi sizifanana. Tepi imakhala pamwamba pa mitu ya makorali yotumphuka, m'maenje siifikamo. Mafunde akamaigwedeza, diso la munthu limathamangira korali, osati mchenga uli pambali pake. N'chifukwa chake pamafunika kachingwe kokhala ndi mtovu kunsonga, kuti pomwe kagunda ndi pomwe mulembe. Ndi angati amakagwiritsadi ntchito mpweya ukamatha m'silinda? Chithunzi nacho chimangoona zapamwamba, zakunsi kwa matebulo a Acropora sichiona. Mukatsika mamita asanu kufiira kumayamba kuzimirira, zonse zimaoneka zobiriwira, moti korali wofiirira ndi mwala wa ndere zimafanana. CoralNet imaphunzira kwa inu eni ake. Munaisonyeza zithunzi zingati musanaisiye yokha?

Wa ku Pemba: Zochepa achemwali. Madzinso anali ndi matope, mvula inali itangogwa.

Wa ku Cape Maclear: Ife a mbuna timakumana nazo zomwezi ku Thumbi. Kamera imaphonya nsomba zobisala m'mapanga, munthu akabira zina zimathawa, zina zimamutsatira. Bwanji osangopanga manta tow, munthu kumakokedwa ndi boti akuyang'ana pansi pa madzi? Tsiku limodzi mwazungulira malo onse.

Wa ku Sodwana: Madala, kukokedwa ndi boti mphindi ziwiriziwiri n'kwabwino pofufuza crown-of-thorns (chamoyo cha minga chooneka ngati nyenyezi chomwe chimadya makorali) kapena posankha malo atsopano. Pa funso ili sikuthandiza, n'kungoyerekeza ndi maso. Ikhala njira yachitatu yosagwirizana ndi zinazo.

Wa ku Zanzibar: Komanso tisathamangire kunamizira kamera. Mu Epulo 2024 NOAA, bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo, inalengeza kuti makorali akuyera chifukwa cha kutentha kwa madzi dziko lonse kachinayi, ndipo gombe lathu lino linakhudzidwa monga mu 1998 ndi 2016. Atha kukhala atafadi. Tsegulani zithunzizo ndi maso anu. Ngati nthambi zili chiimire koma zakutidwa ndi ndere, imeneyo ndi imfa, si matope.

Wa ku Pemba: Ndatsegula. Malo osaya nthambi zakufa zilipo ndithu. Koma kozama kompyuta yalemba korali wamoyo wa mtundu wa Porites ngati mwala, m'zithunzi zambirimbiri.

Wa ku Sodwana: Zonse ziwiri zachitika. Bwererani madzi akayera, yalani tepi imodzi, wina atsogole ndi sileti, wina atsatire ndi kamera. Khomani zitsulo tsiku lomwelo. Chitani choncho nyengo ziwiri kapena zitatu musanataye njira yakale. M'lipoti nambala za tepi ndi za zithunzi zisakhale pa mzere umodzi.

Wa ku Pemba: Lachisanu ndipereka za malo osaya zokha, n'kufotokoza kuti njira inasintha. Zakozama ndizilembanso pamanja. Zitsulo zikhale ziti?

Wa ku Zanzibar: Zomangira nyumba zomwezi zimagwira, koma zimachita dzimbiri. Khomani pa mwala wakufa, ndipo mumangepo kachizindikiro ka pulasitiki kokhala ndi nambala.