Constance Baker Motley: kodi uweruzi unali kumukweza kapena kumutseka pakamwa?

aNaphiri analemba:

Abale, ndakhala ndikuwerenga mbiri ya mayi Constance Baker Motley, amene anali mayi wachikuda woyamba kukhala woweruza m'makhoti a feduro ku America, ndipo pali chimene sichikundimvekera. Mayiyu anagwira ntchito zaka pafupifupi 20 ngati loya wa bungwe la NAACP Legal Defense Fund, lomenyera ufulu wa anthu akuda kudzera m'makhoti, anakaima pamaso pa khoti lalikulu la Supreme pa milandu 10 napambana 9, ndipo ndiye anamenyera wophunzira wachikuda James Meredith mpaka analowa pa yunivesite ya Mississippi mu 1962. Komabe mu 1966 anavomera kukakhala pa khoti la m'munsi ku New York, kumene woweruza amangolandira mlandu uliwonse umene wamugwera, kaya wa malonda, kaya wa chinyengo. Kodi kumeneku kunali kumukweza, kapena kunali kumuchotsa pamalo pamene mawu ake ankagwedeza dziko? Ndikupemphanso amene akudziwa atifotokozere kusiyana kwa woweruza wa feduro ndi oweruza ena a kumeneko, popeza kwathu kuno makhoti onse ali mumzere umodzi.

aChisale anayankha:

Mayi Naphiri, ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa likamveka limapeputsa loyambalo. Ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake ndi makhoti ake, ndipo m'zigawo zambiri oweruza amachita kuvoteredwa kapena amakhala pampando kwa zaka zowerengeka. Pambali pa amenewa pali makhoti a boma lalikulu, amene ndiwo a feduro: makhoti 94 oyambira milandu, makhoti 13 a apilo, ndi khoti la Supreme la oweruza 9. Woweruza wa m'makhoti amenewa amatchulidwa ndi pulezidenti, nyumba ya Senate (imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo) n'kumuvomereza, ndipo akalumbira mpandowo ndi wake moyo wake wonse. Malamulo oyendetsera dzikolo amaletsanso kumudulira malipiro, moti njira yokhayo yomuchotsera ndiyo yakuti nyumba zonse ziwiri za malamulo zimuzenge mlandu, zimene m'mbiri yonse ya dzikolo zachotsetsa oweruza 8 okha.

Mayi Motley ankaidziwa bwino mphamvu ya mpando wotere, chifukwa milandu yawo ya m'zigawo za kumwera kwa America ankaitengera ku makhoti a feduro, podziwa kuti woweruza wodikira mavoti a azungu a ku Mississippi kapena Alabama sakanalimba mtima kulamula kuti mwana wachikuda alowe sukulu ya azungu. Komanso sanachoke pa uloya n'kulunjika ku uweruzi ayi. Mu 1964 anasankhidwa kulowa m'nyumba ya Senate ya chigawo cha New York, ndipo mu 1965 anakhala mayi woyamba kutsogolera dera la Manhattan mumzinda wa New York.

Chimene chimanditsimikizira kuti mpandowo sunali wachabe ndi momwe adani awo anaulimbanirana. Pulezidenti Lyndon Johnson anawatchula mu Januwale 1966, koma James Eastland, senata wa ku Mississippi amene ankatsogolera komiti yoona za makhoti, anaigwira nkhaniyo miyezi 7 akuwanena kuti anali achikomyunizimu, mpaka Senate inawavomereza kumapeto kwa Ogasiti. Munthu amene anaona mayiwa akutsegula zipata za yunivesite ya kwawo sakanavutika chonchi akanakhala kuti ankaona uweruziwo ngati khola lowatsekeramo.

aNgozo anayankha:

Bambo Chisale afotokoza bwino dongosololi, koma ine ndikuona kuti funso la mayi Naphiri lili ndi mfundo imene sitiyenera kuidumpha. Mayi Motley analowa m'bungwe lija mu 1945 akadali pa sukulu ya malamulo ya Columbia, anagwira ntchito pansi pa Thurgood Marshall, mtsogoleri wa bungwelo, ndipo anali m'gulu la maloya amene anakonza mlandu wa Brown v. Board of Education, umene unathetsa tsankho m'sukulu za boma mu 1954. Koma pamene Marshall ankachoka mu 1961 kukakhala woweruza wa apilo, utsogoleri wa bungwelo unapita kwa Jack Greenberg, pamene mayiwa ndiwo ankapita kumwera kumene mahotela ndi malo odyera ankakana anthu akuda, ndiponso kumene mnzawo wa pantchito Medgar Evers anawomberedwa pakhomo pake mu 1963. Johnson nayenso poyamba ankafuna kuwaika pa khoti la apilo, koma atakumana ndi otsutsa anawatsitsira ku khoti loyambira milandu, ndipo anakhala pamenepo mpaka imfa yawo osakwezedwanso kupita ku khoti lapamwamba.

Kusiyana kwa makhoti awiriwa si kwa ulemu wokha. Chigamulo cha khoti la apilo chimamanga makhoti onse a m'dera lake, pamene cha khoti loyambira chikhoza kufafanizidwa ndi a pamwamba. Zimenezi zinawachitikira pa mlandu wa Martin Sostre, mkaidi amene anatsekeredwa m'chipinda cha yekha kwa nthawi yoposa chaka. Mu 1970 mayi Motley anagamula kuti chilango chimenecho chinali chankhanza ndipo analamula kuti alipidwe, koma chaka chotsatira khoti la apilo linasintha mbali yaikulu ya chigamulocho. Ine zimandipweteka kuti loya amene mfundo zake pa mlandu umodzi umene analuza, wa Swain v. Alabama wokhudza kuchotsa anthu akuda pa gulu la ogamula milandu, zinadzavomerezedwa ndi khoti la Supreme mu 1986, sanapatsidwe malo pamene akanalemba malamulo otsogolera ena.

aNambewe anayankha:

Ndikugwirizana ndi bambo Ngozo kuti mayiwa anamanidwa zambiri, koma sindikuvomereza kuti anatsekedwa pakamwa, ndipo milandu iwiri ndiyo ikundiyankhulitsa. Mu 1975 loya wachizimayi, Diane Blank, anasumira kampani yaikulu ya maloya ya Sullivan & Cromwell kuti imasala amayi polemba ntchito. Maloya a kampaniyo anapempha kuti mayi Motley achoke pa mlanduwo, ponena kuti pokhala mkazi, wachikuda, komanso womenyera ufulu wakale, sakanaweruza mopanda kukondera. Iwo anakana, nafotokoza kuti ngati mtundu, mbiri kapena kukhala mwamuna kapena mkazi zikanakhala zifukwa zokwanira, palibe woweruza ndi mmodzi yemwe pa khotilo amene akanamva mlanduwo, popeza aliyense ali ndi zimenezi. Pempholo linali ndi maganizo obisika akuti mzungu wamwamuna ndiye alibe mbali, ndipo yankho lawo lakhala likugwiritsidwa ntchito ndi oweruza ena akakumana ndi pempho lotere. Mfundo imeneyi loya sakanaikhazikitsa. Inafunika munthu wokhala pampandopo.

Wachiwiri ndi wa mu 1978, pamene mtolankhani Melissa Ludtke wa magazini ya Sports Illustrated ankaletsedwa kulowa m'chipinda cha osewera a timu ya baseball ya New York Yankees kukafunsa mafunso masewera akatha, anzake aamuna akulowa. Mayi Motley anagamula kuti popeza bwalolo linali la mzinda wa New York, kumuletsa kunali kuphwanya ufulu wake wa m'malamulo oyendetsera dziko.

Tisaiwalenso kumene anachokera. Anabadwa mu 1921 ku New Haven, mwana wa chi 9 mwa ana 12 a makolo ochokera pa chilumba cha Nevis, bambo awo akuphikira ophunzira a pa yunivesite ya Yale. Ndalama za koleji panalibe mpaka wabizinesi wina, Clarence Blakeslee, atawamva akuyankhula pamsonkhano, anadzipereka kuwalipirira. Mwana wa wophika ameneyu ndiye anadzakhala woweruza wamkulu wa khoti la feduro la kumwera kwa New York kuyambira 1982 mpaka 1986.

aNaphiri anayankha:

Zikomo nonse. Koma ngati mpandowo ndi wa moyo wonse, bwanji mabuku amati anasiya mu 1986, pamene bambo Ngozo akuti anakhalapo mpaka imfa?

aChisale anayankha:

Zonse ziwiri n'zoona, mayi. Lamulo limalola woweruza wa feduro amene wakwanitsa zaka 65, atagwira ntchito zaka zosachepera 15, kupuma pang'ono chabe: malo ake amatsegukira woweruza watsopano, koma iye amapitiriza kumva milandu yocheperapo ndi mphamvu zake zonse. Mayi Motley anakwanitsa zaka 65 mu Seputembala 1986 atatumikira zaka 20, ndipo anasankha njira imeneyi. Anapitiriza kuweruza ku Manhattan mpaka pamene anamwalira pa 28 Seputembala 2005, ali ndi zaka 84.